Mawu a Achimwene Ruben pa Ukwati wa Charné

Achimwene anga a Ruben Klaaste ndi munthu wabwino mtima, koma pakamwa pawo palibe chitseko.

Tinabadwira kuno ku Sutherland. Bambo ankameta nkhosa m'mafamu, ndipo ankayembekeza kuti mwana wawo wamwamuna adzagwira lumo. Koma achimwenewo akatumidwa kukhola ankangoti chilili, maso ali kuphiri kumene kuli nyumba zoyera zoonera nyenyezi. Anakaphunzira ku Cape Town, n'kubwerera kudzagwira ntchito kuphiri komweko. Sanakwatire. Mkazi wanji angapirire?

Ntchito yawo ndi nyenyezi zina zakalekale zimene zimawala n'kuzilala, kuwala n'kuzilala, ngati zikupuma. Akuti akayeza kapumidweko amadziwa kutalika kwake, ndipo akaona kayendedwe kake amadziwa kuti iyi njobwera, inachokera ku mlalang'amba wina waung'ono umene wathuwu unameza kalekale. Izi ndazimva pa Khirisimasi, pa ubatizo, ngakhale pamzere kuchipatala.

Chaka chatha mwana wanga Charné ankakwatiwa ndi Jerome, wa banja la a Witbooi a ku Fraserburg. Bambo ake a Charné anatisiya, choncho woyankhula anali malume ake.

"Achimwene, mungothokoza anthu, mudalitse ana, mukhale pansi," ndinawauza. "Za nyenyezi ayi."

"Iwe Magriet, ukundiyesa mwana?"

Anayamba bwino ndithu. Kenaka anayang'ana muholo: ife a Klaaste tadzaza matebulo onse, a Witbooi ali pakona, ochepa, ofatsa. Ndinaona maso a achimwene akuwala, n'kudziwa kuti zayambika.

"Zimene zikuchitika lerozi zinachitikanso kumwamba," anatero achimwene. "Wamkulu amameza wamng'ono. Wamng'onoyo amang'ambika, amamwazikana, dzina lake n'kutheratu. Koma musadandaule a Witbooi. Ngakhale papite zaka, tidzakuzindikiranibe ndi kayendedwe kanu kokhotakhota."

Bambo ake a Jerome amayenda motsimphina. Thalakitala inawapweteka mwendo ali mnyamata.

Mayi ake a Jerome ananyamuka, chikwama m'khwapa, ulendo wa panja. Ndinawathamangira ndi nsapato zanga zazitali mpaka pagalimoto, mphepo yozizira ikundimenya.

"Tinabwera kudzamezedwa ife?" anandifunsa. "Mukanatiuza, tikanadzithira mchere kunyumba."

Ndinawapepesa mpaka mawu kusasa. Pomwe tinkabwerera, nyama ya nkhosa inali itagwira mafuta m'mbale, Charné akulira m'chimbudzi, achimwene akudya buledi wowotcha pamakala mwamtendere.

"Ndalakwanji? Nyenyezi zobwerazo ndi zimene ndimazikonda kwambiri!"

"Mukanene zimenezo ku Fraserburg. Ine musandiyankhulenso."

Anapitadi. Loweruka lotsatira anakawatenga bambo Witbooi pa galimoto yawo, n'kukwera nawo kuphiri masana. Anawaonetsa makina, anawaonetsa pakompyuta mizere yokwera n'kutsika ya nyenyezi zawo zija. Ine ndinkati akabwerako atamenyana. Anabwerako akuseka, atagawana fodya.

Mayi Witbooi mpaka pano amandipatsa moni wa pamwamba pa mano. Koma amuna awo amabwera kwathu mwezi uliwonse, amakhala pakhonde ndi achimwene, khofi wanga akutha. Dzulo ndikuyanika zovala bambo Witbooi anandikuwira:

"Asewere, mukudziwa kuti nyenyezi zina zimayenda chobwerera m'mbuyo?"

Ndinangolowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Poyamba anali mmodzi, pano alipo awiri.