Ndowa Yomwe Ndinakhomera Mdzukulu Wanga

Ine ndinali mmisiri wa ndowa pa Linthipe, funsani aliyense. Sukulu sindinapite nayo patali, koma ndikamenya lata ndi nyundo, otsika basi ankadziwa kuti afika. Tinalipo ambiri pamzere uja, kuseri kwa ogulitsa kabichi. Kwathu kuno mtsikana akamakwatiwa, abale ake ankamupatsa ndowa yachitsulo yoti azitungira madzi pabanja pake mpaka kukalamba. Ikabooka ankabwera nayo, ine n'kuimata.

Kenaka pa wailesi anayamba kulalikira kuti malire atseguke, katundu wakunja azilowa mwaufulu, ati ndiye chitukuko. Analowadi. Ndowa zapulasitiki, zofiira, zobiriwira, zotchipa. Ine ndinkakuwa pamsika: "Dziko lanji lolephera kudzikhomera ndowa? Mawa mudzaitanitsa mpini wa khasu ku China!" Anthu ankangoseka. Anzanga anachoka mmodzimmodzi, wina ku Joni, wina kukacheka matabwa kuphiri la Dedza, ena kumanda. Pamzerepo ndinatsala ndekha.

Mdzukulu wanga wamkazi, yemwe ndinamulera mayi ake atamwalira, anapeza banja ku Mphunzi. Ndinati ena onse andikane, koma magazi anga atungira ndowa yanga. Ndinasankha lata lokhuthala, n'kuikhoma mosathamanga. Paukwati ndinaipereka ndekha, anthu akuona.

Nyengo yozizira itafika ndinapita kukamuona. Ndili chikhalire pakhonde, ndinamuona akuchokera kumjigo, pamutu pali chipulasitiki chobiriwira.

"Iwe, ndowa yanga ili kuti?"

"Ilipo agogo, ndaisunga bwinobwino."

Anandilowetsa kukhitchini. Inali pakona, muli udzu, nkhuku ikufungatira mazira.

"Ndinakhomera nkhuku ine?"

"Agogo, musakuwe, apongozi akumva. Ndowa yanu imalemera isanalowe n'madzi omwe, ndiye chitunda chathuchi mwachiona. Komanso anzanga kumjigo amandinena kuti ndasenza belu la kutchalitchi."

Ndinamupempha, ine munthu wosapempha, kuti akatungire kamodzi kokha ndione ndi maso anga. Anayang'ana pansi.

"Nanga mazirawa, agogo? Azizira."

Anatenga kapu, n'kutunga madzi m'chipulasitiki chija, n'kugwada kundipatsa. Ndinayang'ana kapuyo nthawi yaitali. Ulendo unali wautali, ludzu linali litandigwira. Ndinamwa.

Pobwerera ndinatsika chitunda ndekha, mphepo ikundilowa m'jekete. Mawu ndinali nawo ambiri, koma panalibe woti ndimukuwire.