Abambo sanaombe m'manja ku holo ya ku Limbe

Mwaswera bwanji nonse. Tamvani zomwe zandichitikira masana ano kuno ku Chilobwe.

Mdzukulu wanga Tadala anandiikira pa TV filimu yakale ya makaubowi. Itangoyamba ndinaizindikira. Ndi yomwe ija tinakaonera ku holo ya ku Limbe nthawi ya Chitaganya, ine ndili sitandade 3.

Masiku amenewo mafilimu achikondi tinkawanyoza. Ankawadula kwambiri, moti mwamuna akangoyandikira mkazi, chithunzi chinkadumpha, basi ali ndi mwana. Oseketsa anali bwinoko, poti munthu akagwera m'matope sipafunika womasulira. Koma athu enieni anali a makaubowi: mahatchi, zibakera, mfuti. Holo yonse inkangokuwa, Chingerezi chake osachimva n'komwe.

Lero ndamva mawu onse. Abale anga, uja wa chipewa choyera tinkamuimbira mluzu uja, ntchito yake inali yothamangitsa anthu pamalo pawo kuti abwana ake aweterepo ng'ombe! Filimuyo ikumuonetsa ngati ngwazi, ndipo anaijambula mokoma ndithu, mpaka inenso phazi limagunda pansi.

Ndiye ndakumbukira abambo. Paja iwo anathamangitsidwa pa esiteti ku Thyolo atakana thangata. Tsiku la filimuyo ku holo kuja anakhala pambali panga, manja ali pamawondo, osaomba ngakhale kamodzi. Ine ndinachita nawo manyazi, mumtima ndikuti achikulirewa mafilimu sawatsata.

Achemwali a Esinati, inu munabwerera nawo limodzi wapansi. Ananenapo kanthu panjira? Poti Chingerezi sankachidziwa, iwo anaona chiyani chimene holo yonse sitinachione?