Pa Lole ya Atate, Kabwata Mpaka Lilayi

Tinanyamuka ku Kabwata Loweruka m'mawa: atate pa chiwongolero, ine pakati, a Chileshe anzawo a ntchito kukhomo. Nthawi imeneyo ndinkataipa makalata mu ofesi ina ku Cairo Road, ndipo sindinkauza anthu kuti atate amayendetsa lole yotola zinyalala za m'madimba. Ndinakwera chifukwa basi yopita kwa azakhali ku Lilayi inkasowa, monga ankasowera sopo ndi feteleza m'zaka zija za chipani chimodzi.

Ku Woodlands tinapeza milu ya udzu, masamba a mango ndi nthambi ikudikira panja pa mageti. Atate ankayamba atakasa mulu ndi foloko. Mabotolo ndi zitini ankaponya pambali.

"Ivi siviwola," anatero.

Cha m'ma teni koloko tinaima ku Kabulonga. Geti linatseguka, n'kutuluka a Banda, bwana wanga wa ku ofesi, atavala kabudula. Ndinalakalaka kulowa pansi pa mpando.

"Ba Tembo, nakuyembekezani maningi," anauza atate. "Milisi yanga yafooka, feteleza kulibe tauni yonse. Munganipezeleko manyowa?" Kenaka anandiona. "Agnes? Uchita chani umu?"

"Aba ni ba tate," ndinayankha.

A Banda anagwira dzanja la atate ndi manja awiri, n'kumvetsera ngati mwana wa sukulu pamene ankawalangiza kathiridwe ka manyowa m'chimanga chawocho.

Panjira a Chileshe anagula zitumbuwa, tinadya lole ikudumpha m'maenje. Tinafika ku Lilayi dzuwa lili pamutu.

Sindinkayembekeza kuti malo opangira manyowa angakhale aakulu chotero. Milu inali m'mizere italiitali kuposa bwalo la mpira. Amuna ankaitembenuza ndi mafoloko, ena akuwaza madzi ndi ndowe, nthunzi ikufuka. Kumapeto kunali mulu wakale, wakuda bii, ndipo amayi olima ndiwo anali pamzere ndi mawilibala. Onse ankawadziwa atate ndi dzina.

Atate anapisa dzanja mu muluwo n'kunditapira manyowa. Ananunkhira ngati nthaka ya mvula yoyamba.

"Masamba yamene tatola lelo yazankhala so pakapita miyezi itatu," anatero.

Ndinazindikira pamenepo kuti repu ndi tomato zomwe ndinkagula pamsika wa Kabwata zinkadutsa m'manja amenewa. Ndinavula nsapato, n'kupempha foloko kwa a Chileshe. Tinatsitsa lole yonse atatu, ndipo kwa azakhali ndinafika mochedwa, zikhatho zili matuza.