Mlimi wa Tizilombo ndi Bala la Mlamu Wake

Pachipatala ponse ankamudziwa ndi dzina loti Mlimi, ngakhale khasu analigwira komaliza ali kamtsikana. Dzinali anamupatsa ndi alonda a pageti atamva kuti mayi wamfupi woyenda mothamanga uja ntchito yake ndi kufesa tizilombo m'mbale n'kumadikira kuti timere. Iye sanalikane. Ankati mundawo ndi wake ndithu, kungoti zokolola zake sangaitanire alendo.

Anali woyamba kubadwa m'banja la telala. Ankafuna unamwino, koma tsiku loyamba kuona bala lalikulu likutsukidwa anangoti khu pansi, aphunzitsi ake n'kumulangiza kuti ayese za labotale. Kumeneko n'kumene anapeza malo ake. Mafinya omwe aja akakhala m'kabotolo sankamuopsa konse.

Kachipinda kake kanali kumapeto kwa khonde, kupitirira kumene amajambula mafupa. Munali firiji, makina oonera tinthu tating'ono, ndi kabati yofunda yosungiramo mbale. Anamwino ankabweretsa magazi, mkodzo ndi mafinya a odwala. Tizilombo tikamera, iye ankatiyala pa mbale ina n'kuikapo timapepala tozungulira ngati mabatani a malaya, kalikonse kokhala ndi mankhwala akeake. Mankhwala akakhala ogwira, mozungulira kapepalako munkayera ngati dazi. Akakhala olephera, tizilombo tinkamera mpaka kukakumbatira kapepalako. Toteroto ankatitchula ankhutukumve. Mwamuna wake, dalaivala wa basi amene tsitsi linamuthawa kalekale, ankadzitama kwa anzake kuti m'tauni yonse ndi mkazi wake yekha amene amasangalala akaona dazi.

Vuto linali lakuti mbale sizifulumira. Zimafuna masiku awiri kapena atatu, pamene munthu wotentha thupi sangadikire. Dokotala amayenera kuyamba mankhwala nthawi yomweyo, asanadziwe kuti mdani wake ndi ndani. Amene anabwera ndi maganizo anali dokotala wa ku wodi ya amayi, mayi wamtali wosakonda kuyankhula zambiri. Anafunsa Mlimi ngati zingatheke kusonkhanitsa zotsatira za chaka chonse, kuti aone tizilombo timene timavutitsa wodi iliyonse ndi mankhwala amene timamva. Awiriwo anagwira ntchitoyo masana ambiri, wina akuwerenga wina akulemba pa kompyuta. Zimene anapeza zinali zoopsa: jakisoni amene aliyense ankayambira pa mabala a opareshoni anali atasiya kugwira kwa odwala oposa theka.

Ku msonkhano kunali mkangano ndithu. Mkulu woyang'anira mankhwala anachenjeza kuti aliyense akathamangira jakisoni wamphamvu, nayenso tizilombo timuzolowera, ndipo chipatala chitsala manja m'khosi. Mlimi anagwirizana naye. Anamvana kuti wamphamvuyo azimusungira okhawo odwala kwambiri, ndipo tchati chosonyeza tizilombo ndi mankhwala amene timamva chinamatidwa pakhoma la wodi iliyonse.

Kwawo kwa Mlimi nkhondo yake inali ina. Mchimwene wake wamng'ono anali ndi golosale, ndipo anthu ankamutcha Zonsezilipo chifukwa sankadziwa kunena kuti palibe. Pakati pa sopo ndi machesi ankaikapo makapisozi ofiira, n'kumagulitsa awiriawiri kwa aliyense wa chifuwa, wa m'mimba, ngakhale wa dzino. Mlimi anamulankhula mpaka malovu kuuma. Ankamuuza kuti makapisozi awiri sapha tizilombo, amangotipatsa sukulu. Zonsezilipo ankaseka n'kuyankha kuti achemwali ake amakhala ndi tizilombo tsiku lonse, n'chifukwa chake amatiyankhulira.

Kenako mkazi wa Zonsezilipo anabereka mwa opareshoni. Anatuluka m'chipatala ali bwino, koma patapita masiku bala linayamba kutupa ndi kuwawa. Mwamunayo sanauze aliyense. Anatsitsa makapisozi pashelefu n'kukhala dokotala wa m'nyumba mwake. M'mawa wina Mlimi akutulutsa mbale m'kabati, anamva kugogoda pazenera. Anali mchimwene wakeyo, malaya atamanga mabatani mopingasa, milomo itauma gwa. Anati mlamu ali ku wodi ya amayi ndipo akuyankhula zosamveka.

Mlimi anavula magolovesi, nasamba m'manja bwinobwino monga mwa masiku onse, kenako anathamanga. Anapeza mlamu wake akunjenjemera pabedi, thupi lili ngati mbaula, bala likuchucha. Dokotala wamtali uja anali atafika kale ndipo ankafunsa ngati wodwalayo wamwa mankhwala aliwonse. Zonsezilipo anayang'ana pansi.

"Iwe, nena zonse," anatero Mlimi. "Kubisa pano n'kupha mkazi wako."

Mchimweneyo anapisa m'thumba n'kutulutsa timapaketi topanda kanthu. Dokotala sanamukalipire. Anauza anamwino kuti atenge magazi ndi mafinya kaye, kenako anaima pa tchati cha pakhoma kanthawi pang'ono, n'kutchula jakisoni woyambira. Zonsezilipo anachita mantha. Anafunsa kuti angasankhe bwanji mankhwala mbale za achemwali ake zisananene kanthu.

"Bambo, sitikuwombeza maula," anayankha dokotala. "Amayi ambiri agona pabedi limeneli ndi bala lotere, ndipo tizilombo tawo tinatiyeza. Pafupifupi tonse timamva mankhwala awa. Mbale zikatiuza zina, tisintha."

Mlimi anatenga mabotolo aja yekha. Pa zaka zonse za ntchito yake anali asanafesepo mbale yolembedwa dzina la wachibale. Tchati chija anachidziwa mzere uliwonse, chifukwa chinatuluka m'kachipinda komweko. Atatseka kabati anapita kukauza mayi awo, amene anali pabenchi ndi khanda kumsana, kuti asalire, mpongozi wawo ali m'manja abwino. Mayi anamuyang'anitsitsa kuti aone ngati akungowatonthoza, kenako anapempha kuti awagulire madzi akumwa.

Tizilombo tinamera tambiri. Pofika nthawi yoika timapepala, mlamu anali atayamba kuzindikira anthu ndi kufunsa ngati mwana wayamwa. Mbale yomaliza itatuluka, Mlimi anaitana mchimwene wake pazenera n'kuikweza kuti aione bwino. Kapepala ka mankhwala a makapisozi ofiira kanali katamira m'tizilombo. Ka jakisoni amene dokotala anasankha kanali pakati pa bwalo loyera lalikulu. Panalinso kena koyera bwino, ka mapiritsi wamba, moti dokotala anachotsa diripi posakhalitsa n'kumusiya wodwalayo pa mapiritsiwo.

Zonsezilipo anayang'ana mbaleyo nthawi yaitali, mphuno itagunda galasi. Kenako anafunsa ngati anthu onse amene anawagulitsa makapisozi ali ndi tizilombo totere m'thupi. Mlimi anati sakudziwa, koma ena mwina ali nato.

Sikuti anasanduka mngelo tsiku lomwelo. Makapisozi anawachotsa pashelefu, koma ankadandaulabe kuti makasitomala akuthawira kwa mnzake wa pakona. Amene anamaliza nkhaniyo ndi mkazi wake. Atachira anayamba kukhala pakauntala khanda lili pamiyendo, ndipo wina akafunsa makapisozi ankamulongosolera za bala lake kuyambira pachiyambi, mosadumpha kanthu, mpaka munthuyo ankaona kuti kupita kuchipatala n'kwapafupi.

Chaka chotsatira, chipatala china chaching'ono chinapempha kuti achitumizire tchati chija. Dokotala ndi Mlimi anakana mwaulemu. Anafotokoza kuti tizilombo ta chipatala chilichonse tili ndi makhalidwe akeake, ndipo tchati chobwereka chingasocheretse anthu. M'malo mwake Mlimi anapempha chilolezo kwa akuluakulu, nalongedza mbale ndi timapepala m'katoni, n'kupita kukakhala kumeneko milungu ingapo kuti awaphunzitse kupanga chawo. Anapeza kabati yawo yofunda akusungiramo makapu a tiyi. Anawatulutsa imodziimodzi, napempha ndowa ndi sopo, n'kuyamba kutsuka kabatiyo.