Tinapita ndi Nkhoswe ku Minda ya Mphesa

Mwana wanga wamkazi ataimba foni kuti Loweruka tipite ku Virginia, kukatawuni ka minda ya mphesa, tikaonane ndi makolo a chibwenzi chake, ine ndinangomva chinthu chimodzi: nkhani ya chinkhoswe yayambika. Nanga makolo amakumanirana chiyaninso? Mwana ndili naye mmodzi yemweyo, ndipo chimene ndinkafuna pamoyo wanga n'kumupereka ku banja mwamwambo, ine ndilipo.

Pompo ndinaimbira achimwene anga ku Lanham. Mwana sakwatiwa popanda malume ake, ndipo kuno ku Amereka nkhoswe yathu ndi iwowo. Anasinthana shifiti ndi mnzawo, n'kuvala suti yawo ya kutchalitchi, yothina pamimba ija. Njira yonse kuchokera ku Hyattsville ankayeserera mawu m'Chingerezi, ine ndikuwaseka kuti akumveka ngati akulengeza maliro.

Kunali kokongola, ndisaname. Unali Okutobala, mitengo yonse psuu, ina yachikasu, mizere ya mphesa itatsetsereka mpaka kuphiri. Anatikhazika patebulo panja, mphepo ikulowa m'chitenje. Ine mayi wa mpingo vinyo sindilawa, ndiye ndinangogwira tambula ya madzi. Makolo a mnyamatayo, anthu a ku Amereka aulemu ndithu, ankapukusa matambula awo n'kumanunkhiza.

Ife tinkadikira. Kwathu amayamba kuyankhula ndi akuchimuna. Tchizi chinabwera, chinatha. Achimwene anandinong'oneza kuti, "Kodi malume ake a mnyamatayu ali kuti?" Ndinati mwina achedwa panjira.

Atatopa, achimwene anaimirira, anamanga batani la jekete, n'kunena kuti ife akuchikazi tafika, tikumvetsera chimene akuchimuna abwera nacho. Mwana wanga anandigwira mkono.

"Mami," anatero m'Chingerezi, poti Chichewa amangomva, sayankha, "tinakwatirana kale. Mwezi watha, ku ofesi ya boma. Sitinafune chipwirikiti. Lero n'kungosangalala."

Chipwirikiti! Ine mayi ake ndasanduka chipwirikiti? Mtima unandiwawa. Ndinafuna kukalipa, pakamwa panga ndimapadziwa, koma pamaso pa asewere sukalipa. Achimwene anakhala pansi pang'onopang'ono, n'kumasula batani lija.

Mayi a mnyamatayo anaona kuti zinthu zavuta, ndipo mwa chifundo chawo anasendera pafupi kuti andisangalatse. Anatulutsa foni. "Taonani mmene anakongolera," anatero.

Ndinaona mwana wanga atavala diresi loyera lalifupi, maluwa m'manja. Kumbali kwake kunali mayi omwewa, atamukoleka mkono m'khosi, akuseka mano onse pamtunda. Iwo anaitanidwa. Anati anali mboni.

Ndinafunsa kuti kunali kuti. Anati ku Rockville, Lachinayi m'mawa, ndipo anatchula msewu wake.

Msewu umenewo ndimaudziwa bwino. Lachinayi lililonse ndimatsika basi pomwepo kupita kuntchito yanga yosamalira okalamba. Pamene mwana wanga ankakwatiwa, ine ndinali m'nyumba ina kuseri kwa ofesi yomweyo, ndikusambitsa mayi a eni.

Ndinabweza foniyo ndi manja awiri, n'kunena kuti zikomo, anakongoladi.