Tsiku Limene Nazeer Anaposedwa Pakamwa

Nazeer Gondal anali mkhalapakati pamsika wa njati zoweta za mkaka m'mudzi mwathu, kufupi ndi mzinda wa Sialkot, ulendo wa ola limodzi wapansi kukafika pamalire ndi India. Njati yakeyake analibe. Anali ndi kamunda ka mpunga ndi pakamwa basi. Wogula ndi wogulitsa akatukwanizana kuyambira m'mawa, iye ankawagwiranitsa chanza tiyi asanazizire. Ndinakhala naye moyandikana zaka makumi awiri, ndipo sindinamuonepo akulephera kunyengerera munthu mpaka chaka cha 2002.

Chaka chimenecho asilikali anadzaza malire mbali zonse ziwiri, ndipo nkhani paliponse inali ya mabomba a nyukiliya. Mizinga itayamba kumveka, mkazi wake Sughra ananyamula ana n'kuthawira kwa mchimwene wake Liaqat ku Gujranwala, mzinda wotalikirako ndi malire. Nthawi yofesa mpunga inakwana, pakhomo pali zii. Nazeer anakwera basi kawiri kukamutenga, kawiri konse n'kubwerako yekha.

Ulendo wachitatu anakonzekera ngati akupita kumsika.

"Mayi a Shabana, bomba limeneli silisankha," anatero atafika. "Likagwa, kuno tipsa, kwathu tipsa. Bwanji tikapsere pakhomo pathu?"

"Mwamva, achimwene? Akuti ndikapsere kwathu," anayankha Sughra uku akukanda ufa wa chapati. "Ine si njati, bambo a Shabana. Simundigulitsa."

Madzulo a tsiku lomwelo Pulezidenti analankhula pa wailesi yakanema. Liaqat anaitulutsa pabwalo, anthu oyandikana nawo n'kudzaza. Nazeer anaima kumbuyo atapinda manja. Mawu anayamba motsitsa, ngati a munthu wodzapepesa maliro. Kenako anakwera, kutchula zoopsa zimene zili pakhomo. Kenako anaduka, kwa kanthawi osamveka kanthu, mpaka anthu anasiya kutafuna. Atayambiranso, anali oyamikira anthu wamba kuti ndi olimba mtima, kuti dziko silikufuna nkhondo koma silithawa.

Nazeer sankayang'ana kanemayo. Ankayang'ana mkazi wake. Sughra anali atatsegula pakamwa pang'ono, akupukuta misozi ndi nsonga ya mpango.

"Mawa tikupita kwathu," anatero Sughra zitatha. "Mwamva nokha. Sitithawa."

"Nanga ine masabata atatu onsewa ndimati chiyani?"

"Inu mumangonena. Awa alankhula."

Liaqat anaseka mpaka kutsamwa. "Alamu, mukanawalemba ganyu kalekale a Pulezidenti, simukanavutika ndi mabasi!"

Anabwerera m'mawa mwake, ana ndi mitolo yomwe. Atangotula katundu Nazeer anabwera kwanga, nkhope ili gwa.

"Achimwene, uja ndamuona bwinobwino," anatero. "Kuyamba mofatsa, kuopseza, kukhala chete kuti mitima ikwere, kenako kuyamikira. Zonsezo n'zanga! Ndimachita zimenezo kumsika Lachinayi lililonse, matope ali m'maondo. Iye ali ndi mbendera kumbuyo ndi anthu omulembera. Mundipatse mbendera inenso muone."

"Koma akazi anu abwera," ndinatero. "Simukukondwa?"

"Abwera chifukwa cha mawu a mwamuna wina."

Ndinaseka, koma iye sanaseke. Mpunga anafesa limodzi ndi Sughra, osalankhulana kwenikweni. Kumsika anayamba kupsa mtima msanga. Tsiku lina wogula wina anamuuza mwanthabwala kuti akuyankhula ngati Pulezidenti, ndipo Nazeer anasiya malondawo pakati n'kubwerera kunyumba.

Nkhondo sinabwere. Miyezi itapita, asilikali anayamba kuchoka ndipo amene anathawa anabwerera. Anthu anaiwala zimene zinanenedwa madzulo aja, koma Nazeer ankazikumbukira mawu ndi mawu, ndipo ankatha kukuuza pamene munthuyo anapumira msanga ndi pamene anabwereza mawu mosafunikira. Palibe amene ankamufunsa.

Sughra atazindikira pamene pakumuwawa mwamuna wake, sanamumvere chisoni. Anadula chithunzi cha Pulezidenti m'nyuzi n'kuchimata pakhoma, pafupi ndi chitseko. Nazeer sanachichotse, poopa kuti anthu amuseka. Anangotenga nyundo, n'kukhoma msomali pamwamba pa chithunzicho, ndipo kuyambira tsiku limenelo ndi pamene ankapachika chijasi chake, ngakhale m'nyengo yotentha.