Njinga ya Pachithunzi

Kalabu yathu yojambula zithunzi inayamba chaka chimene tinavotera zipani zambiri koyamba. M'mbuyomo, amuna asanu okumana Loweruka lililonse kamera ili m'khosi akanafunsidwa kuti akujambula chiyani, ndipo akutumiza kwa yani. Tsopano aliyense ankayambitsa chake, wina chipani, wina mpingo. Ife tinayambitsa kalabu.

Ndikati kalabu musaganize za ofesi. Linali khonde la telala wina pa Mitundu, benchi, ndi makamera awiri. Ina inali ya wapampando wathu, mtchona wakale amene anabwera nayo kuchokera ku migodi ya ku Joni. Inayo tinachita kusonkherana. Panali telalayo, kalaliki wa pa esiteti ina ya fodya, mkulu wina wazaumoyo amene ankapalasa kuchokera ku Nathenje, ndi ine mphunzitsi wa pulayimale. Sitinkachita malonda. Tinkangofuna kudziwa kujambula, ndipo tinkadziona ngati anthu otsogola kwambiri.

Filimu imodzi tinkagawana tonse. Ikatha, mmodzi ankakwera nayo minibasi kukatsukitsa m'tauni, ndipo Loweruka lotsatira tinkayala zithunzizo pabenchi n'kuyamba kunyozana. Wapampando ndiye analibe chisoni.

"Aphunzitsi, munthu uyu mwamudula mutu. Anakulakwirani chiyani?"

Ine ndimapsa mtima msanga, ndipo ndinkapita kunyumba ndikulumbira kuti sindibweranso. Loweruka likafika ndinkakhala woyamba pabenchi.

Titatopa ndi kujambula mbuzi ndi milu ya tomato yamumsika, tinafuna nkhope za anthu. Kalaliki uja ndiye anayamba kutibweretsera matenanti a ku esiteti kwake, anthu olima fodya m'munda wa mwini wake, ambiri ochokera ku Mulanje, Thyolo ndi Phalombe. Iwo ankafuna chithunzi chotumiza kwawo, ife tinkafuna pophunzirira. Koma palibe amene ankafuna kuti amayi ake amuone ali m'malaya othimbirira ndi utomoni wa fodya. Ndiye tinapeza nzeru. Telala anali ndi jekete yofiirira imene mwini wake anaisiya osadzaitenganso. Wapampando anabweretsa wailesi yaikulu yakufa kalekale, m'kati mwake munkangokhala mphemvu. Ine ndinapereka njinga yanga, imene ndinkaipukuta kuposa mmene ndinkapukutira nsapato. Aliyense wobwera tinkamuveka jekete, wailesi m'dzanja, njinga pambali. Tinkati tikuwalemekeza.

Mmodzi mwa iwo anali bambo wamtali wofatsa wa ku Phalombe, amene anakwatira mkazi wa m'mudzi wina kufupi ndi Nathenje. Tsiku limenelo kamera inali m'manja mwanga. Anabwera wopanda nsapato, choncho ndinayandikira kuti mapazi asaoneke. Njingayo ankaigwira ndi nsonga za zala ngati yotentha.

"Igwireni ngati yanu, achimwene," ndinatero. "Ndipo sekani pang'ono, si maliro ano."

Anaseka. Chithunzicho chinatuluka bwino kwambiri, mwakuti wapampando anasowa ponyoza, ndipo anasunga china m'buku lake la zithunzi zabwino za kalabu. Bamboyo atabwera kudzatenga chake anandipempha kuti ndimulembere mawu kumbuyo, poti iye sukulu sanapite nayo patali. Anati ndilembe kuti, "Amayi, ndili bwino." Basi. Koma mphunzitsi sakhutira ndi chiganizo chachifupi. Ndinawonjezera anga akuti, "Zinthu zikundiyendera monga mukuoneramu." Nditamuwerengera anathokoza n'kumapita.

Panapita zaka ziwiri. Tsiku lina ana ali pa buleki anandiuza kuti pali mayi amene akundifuna. Ndinamupeza atakhala pansi kuseri kwa kalasi, mwana ali kumsana, mapazi ali mbuu ndi fumbi. Sindinamudziwe. Anati ndi mkazi wa bambo wa ku Phalombe uja, ndipo anachita kufunsira njira kwa kalaliki.

"Bambo aja anatisiya mwezi wathawu, aphunzitsi. Chinali chifuwa. Tinapita nawo kuchipatala ku Nkhoma, koma anali atafooka kale."

Ndinapepesa monga mwa mwambo, ndikudabwa kuti nkhaniyi ikundikhudza pati. Mayiyo anafotokoza pang'onopang'ono, maso ali pansi. Mwamuna wake anamuika m'mudzi mwa mkaziyo. Uthenga unachedwa kufika ku Phalombe, ndipo apongozi ake aakazi ndi mkulu wake wa malemuyo anafika maliro ataikidwa kale. Anabwera ndi chithunzi chija chili chokulunga m'pepala la shuga. Atalira kumanda, anapempha katundu wa mwana wawo: njinga, wailesi ndi jekete.

"Ndinawaonetsa zonse zimene anasiya. Khasu, bulangete, malaya awiri. Akuti ndabisa kwa alongo anga. Akuti sameta, ndiponso sandisudzula, mpaka njingayo ioneke."

Kwathu kuno mkazi wamasiye samangodzimasula yekha. Akuchimuna ndiwo amameta naye maliro n'kumusudzula, kunena pamaso pa anthu kuti alibe naye mlandu, apitirize moyo wake. Popanda zimenezo amakhalabe womangika, ndipo pakamwa pa anthu sipatsekeka. M'mudzimo ena anali atayamba kale kunong'ona kuti mwina anamudyetsa kanthu mwamunayo chifukwa cha katundu. Alendowo anali atakhala masiku khumi pakhomo pa amayi a mkazi wamasiyeyo, ndipo iye anali atasiya kupita kuchitsime nthawi imene kuli anthu.

Ndikuchita manyazi kunena kuti choyamba chimene ndinamva ndi mkwiyo. Ndinakwiya kuti wanditsatira kusukulu, ana akuona. Ndinatsala pang'ono kumufunsa chifukwa chake sanawauze yekha kuti zinali zobwereka. Anandiyankha ndisanafunse.

"Ndawauza, aphunzitsi. Akuti nanga zolembedwa kumbuyozo analemba ndani. Ine kuwerenga sinditha. Akuti palembedwa kuti zinthu zikuwayendera."

Mkwiyo uja unathera pomwepo.

Loweruka pakhonde paja panali phokoso. Wapampando anati ife tinangojambula, nkhani za mabanja si za kalabu. Kalaliki ankaopa kuti mwini esiteti akamva kuti iye ndiye ankatulutsa matenanti, ntchito imuthera. Wazaumoyo anati tilembe kalata. Ndinawalalatira onse, mawu ena oti sindingawabwereze pano, ngakhale kuti wolakwa wamkulu ndinali ine. Telala, amene nthawi zonse ankalankhula makina akulira, anaimitsa makinawo n'kunena kuti zolemba zija za kumbuyo kwa chithunzi zatikwanira, tipite ndi miyendo yathu. Anapinda jekete ija n'kuiika m'jumbo.

Tinanyamuka Lamulungu m'mawa atatu, ine, telala ndi wapampando, amene anavomera monyinyirika atanyamula buku lake la zithunzi. Wailesi ndinaimanga pakaliyala ya njinga yanga ija. Inali nyengo ya mwamvu, ndipo njira yonse yopita ku Nathenje tinkangomeza fumbi. Palibe mmodzi wa ife amene anaganiza za mmene tionekere tikamalowa m'mudzimo.

Mkulu wake wa malemu ndiye anayamba kutiona. Anadzambatuka pamene anakhala.

"Si iyi! Amayi, njinga ija si iyi! Ndi wailesi yomwe! Alamu, simumati kulibe?"

Anandilanda njingayo ndisanatsike bwinobwino. Amayi ake anatuluka m'nyumba, mayi wamng'ono thupi, duku lakuda kumutu. Anayandikira n'kusisita chishalo ndi dzanja lawo, kenaka anayamba kulira akutchula mwana wawo. Ndinaima pamenepo ngati chitsa. Ndikanatha kuthawa ndikanathawa.

Amalume ake a mkazi wamasiye uja anayala mphasa pansi pa mtengo wa mango, ndipo anthu anasonkhana. Atatha malonje anatipatsa mpata. Wapampando, amene pakhonde la telala sankasowa chonena, anangondipatsira bukulo. Ndinachotsa zithunzizo chimodzichimodzi n'kumaziyala pamphasa patsogolo pa mayi aja. Amuna osiyanasiyana, aatali ndi aafupi, wina jekete ikumulendewera m'mapewa, wina ikumuthina. Jekete imodzimodziyo, wailesi yomweyo, njinga yomweyo, khoma lomwelo la telala kumbuyo.

"Amayi, njingayi ndi yanga," ndinatero. "Wailesiyi ndi ya bambo awa, jeketeyi ndi ya atelalawa. Mwana wanu tinangomubwereka kuti ajambulitse. Mawu akumbuyowo ndinalemba ndine. Iye anangoti ali bwino, enawo ndinawonjezera ndekha."

Mkulu wake uja anati tapangana ndi alamu akewo, zithunzi zikhoza kukonzedwa dzulo lomwe. Telala sanatsutsane naye. Anangomasula wailesi ija, n'kutsekula kumbuyo kwake, n'kumupatsira. Munalibe kanthu, koma fumbi ndi timawaya tiwiri toduka. Bamboyo anaiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anaiika pansi mosamala ngati yamoyo.

"Ndiye inu ophunziranu mumasewera ndi anthu osauka?" anafunsa, mawu ali pansipansi.

Wapampando anayamba kufotokoza kuti cholinga chathu chinali chabwino. Ndinamugwira bondo kuti asiye.

Mayi aja sanatikalipire, ndipo bwenzi zili bwino akanatero. Analankhula akuyang'ana zithunzi zapamphasazo. Anati chithunzicho chitafika, chinayenda mudzi wonse, mpaka kutchalitchi anapita nacho. Anthu akamafunsa chifukwa chake mwanayo sabwera kudzaona kwawo, iwo ankayankha kuti watanganidwa, akumanga. Mnyamata wina wa kwawoko atabwerera kuchokera ku maesiteti n'kuwauza kuti mwana wawo akuvutika, anamuthamangitsa pakhomo kuti ndi wanjiru.

"Ndinali ndi mbuzi ziwiri nthawi imeneyo," anatero. "Ndikanadziwa ndikanagulitsa imodzi, n'kumutumizira ya basi. Akanadzadwalira kwathu."

Nkhuku zinkangopalasa pafupi ndi mphasa. Kenaka mayiwo anatembenukira kwa mpongozi wawo, amene nthawi yonseyi anakhala kumbuyo kwa azimayi anzake.

"Mwana wanga, takulakwira. Unamusunga wopanda kanthu, ife n'kudzakutcha wakuba. Mawa timeta, ndipo tikusudzula. Ulibe mlandu ndi ife."

Amalume aja anawomba m'manja, ena anatsatira. Mkazi wamasiyeyo anagwada n'kuthokoza apongozi ake. Ine sanandiyang'ane, ngakhale pamene tinkatsanzika, ndipo sindimuimba mlandu.

Kalabu sinathe tsiku limenelo. Tinapitirizabe kukumana chaka china, koma matenanti tinasiya kuwaitana, ndipo tinabwerera ku mbuzi ndi tomato. Kenaka wazaumoyo anasamutsidwa, wapampando anayamba kudwaladwala, benchi anaitenga ogulitsa mandasi. Zimenezo sizindiwawa kwenikweni. Chimene chimandiwawa mpaka lero chinachitika pamphasa pomwepo, ndikutolera zithunzi zija kuti ndizibwezere m'buku.

Mayi aja anandigwira mkono.

"Aphunzitsi, inu mumajambula zambiri. Mulibe china chimene mwana wanga ali mmene analili? Ngakhale ali m'munda, ngakhale ali m'nsanza. Ndingochiona."

Ndinayang'ana wapampando, iye anayang'ana telala. Zaka ziwiri tinatha mafilimu pa ziweto, mitambo ndi ngolo zamumsika, ndipo bamboyo ankadutsa pakhonde pathu pafupipafupi n'kutipatsa moni. Panalibe amene anaganizapo zomuloza ndi kamera asanavale jekete.

"Palibe, amayi," ndinatero.

Anagwedeza mutu. Anamasula chithunzi chawo chija m'pepala la shuga n'kuchiika pabondo. Ndi dzanja limodzi anaphimba njinga. Ndi linalo anaphimba wailesi, kenaka anasuntha zala mpaka jekete nayo inabisika. Pakati pa zala zawo panatsala nkhope yokha, ikuseka monga ndinaiuzira. Anaiyang'ana nthawi yaitali, ataiyandikitsa kumaso.

"Zaka ziwiri ndakhala ndikuyang'ana njinga," anatero. "Taonani masayawa. Mwana wanga anali atawonda kale."